Musananyamule Munthu pa Njinga Yamoto

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE]

WOULUTSA:

Yakwananso nthawi yathu ija yokambirana zapamsewu. Lero tili pa njinga yamoto: chiphaso chophunzirira, malamulo amene amabwera nacho, ndi mayeso amene munthu amayesedwa asanapatsidwe laisensi. Achimwene amene muli pasiteji kudikira makasitomala, kwezani pang'ono foniyo kuti anzanu amve nawo. Amayi amene mumakwera kabaza popita kumsika, ndi inu abambo amene mwagulira mwana njinga kuti azipezerapo ya sopo, musasinthe siteshoni, nkhaniyi ikukukhudzani.

Tiyambe ndi zimene tonse timaziona ndi maso. Pitani pabwalo la mpira Lamlungu masana, kaya ku Bangwe, kaya ku Chinsapo, kaya ku Chibavi. Mupeza mnyamata wakhala panjinga, mnzake akuthamanga pambali atagwira kaliyala. "Finya kilatchi. Ponda giya. Siya pang'onopang'ono." Njinga ija idumpha, n'kuzima. Ayesenso, chimodzimodzi. Kachitatu inyamuka, ndipo dzuwa likamapendeka mnyamata uja amakhala akuzungulira bwalo lonse, chimwemwe chodzaza tsaya. Sabata isanathe mumupeza pasiteji atavala chijekete chonyezimira, akuitanira anthu.

Mnyamata ameneyu ine sindimunyoza. Ntchito zikusowa, kunyumba kuli pakamwa pofuna kudya, ndipo mwini njinga akufuna ndalama yake madzulo alionse, kaya kwagwa mvula kaya makasitomala kunalibe. Koma tivomerezane chinthu chimodzi. Chimene waphunzira pabwalo paja ndi kunyamutsa njinga ndi kusagwa. Pabwalo palibe lole yokhota. Palibe minibasi yongoima mwadzidzidzi itaona munthu wakweza dzanja. Palibe mwana wothamangira mpira, palibe mchenga umene madzi a mvula asiya pakona, palibe galu. Zimene zimavulaza anthu pamsewu, palibe ndi chimodzi chomwe chimene wakumana nacho. Tsiku limene adzakumane nazo koyamba, kumbuyo kwake kudzakhala kuli mayi wobereka mwana.

N'chifukwa chake boma linaika masitepe awiri: poyamba chiphaso chophunzirira, kenako laisensi. Pakati pa ziwirizi ndi pamene munthu amaphunziradi kuyendetsa.

Lamulo lalikulu loyendetsera zapamsewu m'dziko muno ndi Road Traffic Act ya chaka cha 1997. Lamuloli limaona njinga yamoto ngati galimoto ina iliyonse. Iyenera kulembetsedwa ndi kukhala ndi nambala, iyenera kukhala ndi inshuwalansi, ndipo woyendetsa ayenera kukhala ndi chiphaso cha gulu lake. Amene amapereka ziphaso ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene tonse timangoti ku Road Traffic. Maofesi ake akuluakulu ali ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Ntchito zawo zimayenda pa makompyuta otchedwa MalTIS, ndipo aliyense wofuna chiphaso amayamba walembetsa m'kaundula ameneyu. Amakujambulani, amadinda zala zanu, n'kukupatsani khadi lotchedwa Traffic Register Card. Popita kumeneko tengani chitupa chanu cha unzika. Chitupachi a National Registration Bureau amachipereka kwa munthu amene wakwanitsa zaka 16. Ndiye abambo amene mumatuma mwana wa zaka 13 kuchigayo panjinga yamoto, dziwani kuti mwanayo ngakhale pakhomo la ofesi sangayambe n'komwe, ndipo akagunda munthu mlandu udzafika pakhomo panu.

Ziphaso za njinga zamoto zili m'magulu awiri, monganso zilili m'maiko ambiri a SADC. Gulu A1 ndi la njinga zing'onozing'ono, za injini yosapitirira 125 cc. Gulu A ndi la njinga zoposa pamenepo, ndipo limafuna munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo. Apa mvetserani bwino, chifukwa ambiri amakodwa pomwepa. Njinga zambiri za kabaza masiku ano ndi za 150 cc. Nambalayi kawirikawiri imalembedwa pambali pa njinga, ndipo ili m'zikalata zake. Mukatenga A1 pamene njinga yanu ndi ya 150, ndiye kuti mukuyendetsa njinga imene chiphaso chanu sichikukulolani. Kayang'aneni nambalayo lero lomwe, musanalipire kalikonse.

Enanso amati, ine ndili ndi laisensi ya galimoto, njinga ndi kanthu kakang'ono. Ayi, abwana. Laisensi ya gulu B ndi ya galimoto yaing'ono. Njinga ili ndi gulu lakelake, chifukwa luso lake ndi lina. Galimoto mukaponda buleki molakwika imaimabe ndi matayala anayi. Njinga imakugwetsani.

[NYIMBO PANG'ONO]

Kuti mupatsidwe chiphaso chophunzirira, chimene ku ofesi amachitcha learner's licence, mumayesedwa maso, kenako mumalemba mayeso a malamulo ndi zikwangwani zapamsewu. Za maso musazitenge mopepuka. Pali anthu amene amazindikirira pomwepo kuti diso limodzi silikuona bwino patali, atakhala zaka akuganiza kuti aliyense amaona choncho. Akakuuzani kuti mupeze magalasi, kapezeni, ndipo muzivala poyendetsa.

Mayeso olembawo amachokera m'buku la malamulo apamsewu la Highway Code. Musaloweze ngati ndakatulo ya ku sitandade 4. Zikwangwani zili ndi chilankhulo chake, ndipo mukachigwira, theka la mayeso latha. Chozungulira chokhala ndi mkombero wofiira chimaletsa kapena kuika malire, monga liwiro limene simuyenera kupitirira. Chozungulira cha buluu chimalamula: pita uku, dutsa mbali iyi. Cha makona atatu choloza kumwamba chimachenjeza: kutsogoloku kuli kona, kuli sukulu, kuli ng'ombe zodutsa. Cha makona atatu chozondoka chimati perekani mpata kwa amene ali pamsewu waukulu. Chofiira cha makona asanu ndi atatu cholembedwa STOP chimatanthauza kuti matayala aime ndithu, phazi lifike pansi, ngakhale muone ngati msewu uli mbee. Chikwangwani chikakhala pa mtundu wachikasu, dziwani kuti n'chongoyembekezera, mwina akukonza msewu. Mzere woyera wosadukiza pakati pa msewu umaletsa kuwoloka kuti mupitirire galimoto inzanu.

Ndipo pali raundabauti. Dziko lino timayenda kumanzere, choncho pa raundabauti timapereka mpata kwa amene akuchokera kumanja kwathu, amene alowa kale. Imani tsiku lina pa Clock Tower ku Blantyre kapena pa raundabauti iliyonse ya mu Lilongwe nthawi yoweruka, muwerenge njinga zimene zimangolowa ngati lamuloli silikuzikhudza. Ambiri mwa anyamata amenewa sikuti ndi amwano. Palibe anawauzapo.

Mwakhoza, chiphaso chophunzirira chili m'manja. Kodi chikukulolani chiyani? Chikukulolani kuphunzira pamsewu, basi. Njinga yanu izionetsa chilembo cha L chofiira, kuti amene ali kumbuyo kwanu adziwe kuti mukhoza kuzimitsa injini pa maloboti kapena kukhota mochedwa, akupatseni mpata. Muzivala chisoti nthawi zonse. Chiphasocho muziyenda nacho m'thumba. Chili ndi tsiku lothera, lolembedwa pomwepo, ndipo likadutsa musanayesedwe mumayambiranso. Koma lamulo limene ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi ili: wophunzira sanyamula munthu. Osati kasitomala, osati mkazi wake, osati mng'ono wake wopita kusukulu.

Ambiri amaona ngati lamulo ili n'lankhanza, chifukwa munthu wagulira njinga kuti azinyamula anthu. Koma taganizirani zimene zimachitika munthu akakhala kumbuyo. Njinga za kabaza n'zopepuka, zambiri zimangopitirira pang'ono makilogalamu 100. Mukakweza munthu wamkulu ndi thumba lake la ufa, mwawonjezera katundu woposa theka la kulemera kwa njingayo, ndipo katundu yenseyo wakhala kumbuyo ndi pamwamba. Tayala lakutsogolo limapepukidwa, chiwongolero chimayamba kuyandama. Mtunda woimira umatalika. Mukagwira buleki, wokwerayo amakugundani kumsana n'kukukankhirani pa thanki. Pakona, njinga imakhota popendekeka, koma wokwera wamantha amadziwongola kapena kupendekera kwina, ndiye njinga imakana kukhota, imalunjika kumene kukuchokera magalimoto. Woyendetsa wozolowera amazimva zimenezi m'thupi n'kukonza asanaganize n'komwe. Wophunzira amakhala adakaganiza kuti giya ili pati.

Ndiye nthawi ya chiphaso chophunzirira muigwiritse ntchito. Lembetsani kusukulu yoyendetsa imene a Road Traffic anaivomereza, ndipo funsani musanalipire ngati ili ndi njinga ndi mphunzitsi wa njinga, chifukwa sukulu zambiri zinazolowera magalimoto okha. Safunsa anadya phula.

[NYIMBO PANG'ONO]

Tsopano tifike pa mayeso enieni, amene mumayendetsa pamaso pa woyesa.

Anthu ambiri amadabwa akamva kuti chovuta pa mayeso a njinga si kuthamanga. Kuthamanga aliyense amatha, chifukwa njinga ikathamanga imadziimira yokha. Chovuta ndi kuyenda pang'onopang'ono, liwiro la munthu woyenda pansi, osatsitsa phazi. Woyesa akakuikirani zizindikiro pansi kuti muzizembe chokhotakhota, kapena akakuuzani kuti mutembenuke pamalo opanikizika kubwerera kumene mwachokera, akufuna aone ngati dzanja lanu lamanzere limadziwa pamene kilatchi imayambira kugwira. Chinsinsi chake n'chotere: giya yoyamba, moto pang'ono wosasinthasintha, kilatchi pakatikati, phazi lamanja likupondako buleki yakumbuyo mopepuka. Buleki yakutsogolo musaikhudze chiwongolero chili chokhota, mugwa pomwepo. Ndipo maso asayang'ane tayala. Tembenuzani mutu wonse, chibwano chiloze kumene mukufuna kupita. Njinga imatsata maso. Woyang'ana dzenje amagwera m'dzenje lomwelo, woyang'ana mpata amadutsa pampatapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo luso limeneli silibwera tsiku limodzi. Pezani malo opanda magalimoto, ikani mabotolo apulasitiki odzaza mchenga motalikirana masitepe angapo, muzizungulira m'mawa uliwonse mpaka phazi litaleka kufunafuna pansi.

Luso limeneli mudzaligwiritsa ntchito tsiku lililonse, pamene mukudutsa mumsika wa Ndirande kapena pa depoti ya Lilongwe, anthu ali mbali zonse.

Chachiwiri ndi kuima mwadzidzidzi. Apa pali bodza limene lafala pamasiteji ambiri, lakuti buleki yakutsogolo ndi yoopsa, imagwetsa, osaigwira. Ndaonapo njinga zina chogwirira cha buleki yakutsogolo chili lende, waya wake anaduka kalekale, mwini wake osalabadira. Zoona zake n'zakuti mphamvu yambiri yoimitsa njinga ili kutsogolo. Mukagwira buleki, kulemera konse kumathamangira pa tayala lakutsogolo, limakanikizika pansi n'kugwira msewu zolimba, pamene lakumbuyo limapepukidwa. Woponda yakumbuyo yokha amangomva tayala likukhwekhwereza, njinga n'kumapitabe chammbali. Imene imagwetsa si buleki yakutsogolo ayi, koma kuitsomphola mwadzidzidzi. Muziifinya, osati kuikoka: poyamba pang'ono kuti kulemera kusamukire kutsogolo, kenako mwamphamvu, yakumbuyo ikuthandizira, njinga ili chilili, maso kutsogolo, kilatchi mufinye pomalizira kuti injini isazime.

Tiwerengere limodzi. Njinga yoyenda pa 60 km pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Kuchokera pamene diso laona mwana akulowa mumsewu kufika pamene zala zafika pa buleki, sekondi yatha kale, ndiye kuti mamita 17 apita musanayambe n'komwe kuima. Ndipo mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna umawirikiza kanayi. Amene akuyenda pa 80 safuna kawiri mtunda wa amene ali pa 40, amafuna kanayi. Pamsewu wonyowa kapena wafumbi, onjezeraninso. N'chifukwa chake timati siyani mpata wa masekondi osachepera awiri pakati pa inu ndi galimoto yakutsogolo. Ikadutsa pa mtengo wa magetsi, werengani pang'onopang'ono, "chimodzi, ziwiri." Mukafika pamtengowo musanamalize, mwayandikira kwambiri.

Chachitatu, chimene chimagwetsa anthu ambiri amene amayendetsa bwinobwino, ndi kuyang'ana. Woyesa sangalowe m'mutu mwanu kuti adziwe ngati mwaona. Amaona mutu wanu. Musananyamuke, musanakhote, musanasinthe mbali ya msewu: galasi, indiketa, kenako cheukani paphewa. Galasi la njinga lili ndi malo amene silionetsa, chapambali panu pang'ono kumbuyo, ndipo galimoto yonse yathunthu imatha kubisala pamenepo. Mukatha kukhota, zimitsani indiketa. Panjinga zambiri siizima yokha monga ya galimoto, ndipo woyenda indiketa ikuphethira amanamiza amene akudikira kulowa mumsewu, iwo n'kulowa poganiza kuti mukhota. Achimwene amene munachotsa magalasi kuti njinga izioneka bwino kapena kuti izilowa m'mipata, kawabwezereni. Njinga yopanda magalasi siyenera kufika pa mayeso, ndipo siyenera kukhala pamsewu.

Palinso kunyamuka pachitunda osabwerera m'mbuyo. A ku Blantyre ndi ku Zomba mukudziwa chifukwa chake. Phazi lamanja pa buleki yakumbuyo, lamanzere pansi, onjezani moto, tulutsani kilatchi mpaka mumve njinga ikufuna kupita, ndiyeno siyani buleki. Potsetsereka, monga pa Thabwa potsikira ku Chikwawa kapena pa Chiweta, musazimitse injini kapena kuika fili pofuna kupulumutsa mafuta. Tsikani pa giya yotsika kuti injini izithandiza kugwira njinga. Mabuleki okha akatentha amafooka, ndipo amafookera pakona pamene mukuwafuna.

Woyesa amaonanso ngati mumaidziwa njinga yanu musanaikwere. Matayala ali ndi mpweya wokwanira, ndipo mapanga ake sanathe? Tcheni sichinakhwepe? Mabuleki onse awiri akugwira? Nyali yakutsogolo, yakumbuyo, ya buleki, maindiketa, hutala? Oyilo sakudontha? Sitandi yabwerera m'malo mwake? Zimenezi zimatenga mphindi ziwiri, ndipo ziyenera kukhala mwambo wa m'mawa uliwonse, osati wa tsiku la mayeso lokha.

[NYIMBO PANG'ONO]

Tili ndi abale athu ambiri ku Joni ndi ku Cape Town amene amagwira ntchito yoperekera zakudya ndi katundu panjinga zamoto, ndipo ena mwa inu mukukonzekera ulendo womwewo. Ku South Africa malamulo ake amafanana kwambiri ndi athu. Chiphaso chophunzirira njinga chimagwira ntchito miyezi 24, wa zaka 16 amaloledwa njinga yosapitirira 125 cc, yoposa pamenepo mpaka akwanitse zaka 18, ndipo wophunzira sanyamula munthu. Mayeso awo amawatcha K53. Amachitikira pabwalo lokonzedwa, ndipo muli kuyendera njinga musanakwere, kunyamuka pachitunda, kusintha mbali ya msewu, kukhota pa liwiro loyenera, kuima mwadzidzidzi ndi kuzemba chopinga mwadzidzidzi. Mukagwa ndi njinga, mayeso athera pomwepo.

Ku Britain, kumene kulinso Amalawi ambiri, munthu asanalowe pamsewu yekha amayamba wachita maphunziro otchedwa CBT, ndipo satifiketi yake imakhala zaka ziwiri. M'nthawi imeneyo wa zaka 17 kupita m'tsogolo amayendetsa njinga yosapitirira 125 cc, yokhala ndi chilembo cha L, sanyamula munthu, ndipo salowa mumisewu ikuluikulu ya motorway. Mayeso oyendetsa ali pawiri. Gawo loyamba ndi la pabwalo, kumene amayenda chokhotakhota, kuzungulira molemba nambala 8, kuyenda pang'onopang'ono, ndi kuima mwadzidzidzi atafika pa liwiro la 50 km pa ola. Gawo lachiwiri ndi la mumsewu weniweni, woyesa akutsata pambuyo n'kumalankhula naye pa wailesi ya m'khutu, ndipo lisanayambe amamuwerengetsa nambala ya galimoto ili pa mtunda wa mamita 20. Ndatchula maiko awiriwa kuti muone kuti zimene woyesa wa kuno akufuna kwa inu si zokuvutitsani chabe. Maiko osiyana, misewu yosiyana, koma onse anafika pa mfundo imodzi: wophunzira akhale yekha panjinga, ndipo asonyeze kuti amatha kuima ndi kuzemba asanapatsidwe chiphaso.

Tsopano nkhani ya madobadoba. Mukafika pafupi ndi ofesi, wina amakupezani musanalowe n'komwe pageti. "Bwana, musavutike ndi mzere, ndipatseni zakutizakuti, laisensi ituluka osayesedwa." Ndikupemphani, musamupatse ndalama. Choyamba, ambiri amangodyeredwa, munthu uja n'kuzimitsa foni. Chachiwiri, khadi lachinyengo silipezeka mu kompyuta, ndipo tsiku la ngozi apolisi ndi a inshuwalansi akadzafufuza, mudzapezeka ndi milandu iwiri m'malo mwa umodzi. Kupereka chiphuphu ndi mlandu kwa wopereka ndi wolandira yemwe, ndipo bungwe la Anti-Corruption Bureau lilipo kuti muzikanena zoterezi. Koma chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi chachitatu. Tinene kuti khadi latulukadi, lenileni. Mwagula pepala, koma dzanja lanu silinaphunzire kufinya buleki. Lole ikamakhota pa Chichiri siifunsa khadi. Lipirani pamalo ovomerezeka, landirani lisiti, ndipo lisitilo mulisunge.

Ndikudziwa dandaulo lanu, ndipo ndi loona. Ndalama zolembetsera, za sukulu, za mayeso, za inshuwalansi, kuphatikizapo thiransipoti kwa munthu wochokera ku Chitipa kapena ku Nsanje kupita kumene kuli ofesi, n'zambiri kwa mnyamata amene akuyendetsa njinga ya eni. Ine ndimaona kuti boma liyenera kumapititsa mayesowa pafupi ndi anthu, m'maboma, kawirikawiri, ndipo mtengo wake ukhale woti wakabaza angaukwanitse. Lamulo limene anthu ambiri sangalifikire limangobala ziphuphu pamsewu. Koma podikira zimenezo, pali zimene mungachite. Masiteji ambiri ali ndi komiti ndi tcheyamani, ndipo mumasonkha kale ndalama za maliro ndi za matenda. Chipereganyu chomwecho chikhoza kutumiza anyamata awiri mwezi uno, awiri mwezi wamawa. Pitani ku sukulu yoyendetsa ngati gulu, mukakambirane mtengo. Ndipo inu eni njinga, amene mumakhala kunyumba kudikira ndalama ya tsiku: kupereka njinga kwa munthu wopanda chiphaso ndi mlandu wanunso, ndipo a inshuwalansi akhoza kukana kulipira njinga yanu ikaphwanyika m'manja mwa munthu wotero. Muthandizeni mnyamatayo apeze laisensi, muzidulana pang'onopang'ono.

[NYIMBO PANG'ONO]

Sindingatseke pulogalamu ino osakamba za chisoti, chifukwa pa mayeso simuloledwa kukwera popanda icho, ndipo ambiri amachivala tsiku lomwelo basi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2023, linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse padziko lapansi. Bungwe lomweli limati chisoti chabwino, chovalidwa moyenera, chimachepetsa chiopsezo cha imfa pa ngozi kopitirira kasanu ndi kamodzi. Mawu ofunika apa ndi akuti chovalidwa moyenera. Taonani mmene ambiri timachivalira: chakhazikidwa pamwamba pa mutu ngati chipewa cha dzuwa, lamba ali lendelende pambali pa tsaya. Njinga ikagunda, chisoti chotere chimauluka choyamba, mutu n'kufika pa phula uli wokha. Mangani lamba pansi pa chibwano, athine moti zala ziwiri zokha ndi zimene zingalowe. Gwedezani mutu. Chisoti chikamasewera, n'chachikulu. Chipewa cha pulasitiki cha amisiri omanga nyumba si chisoti cha njinga, chinapangidwira njerwa yogwa kuchokera pamwamba. Ndipo chisoti chimene chinamenyekapo kwambiri pa ngozi chatha ntchito, ngakhale kunja chikuoneka bwino, chifukwa chofewa cham'kati chija chimaphwanyika kamodzi kokha. Amene munagonekapo m'bale wanu ku wodi ya mafupa ku Queens, ku Kamuzu Central kapena ku Mzuzu Central mukudziwa kuti mwendo madokotala amaulumikiza ndi zitsulo, munthu n'kudzayendanso. Ubongo ukavulala, nthawi zambiri munthu sabwereranso mmene analili.

Inu okwera, mphamvu muli nayo kuposa mmene mumaganizira, chifukwa ndalama ili m'manja mwanu. Funsani chisoti chanu musanakwere. Kanani kukwera atatu. Mukamva fungo la kachasu, tsikani. Akamathamanga, mugwireni paphewa mumuuze kuti achimwene, chepetsani, sindikuchedwa. Kufunsa wakabaza ngati ali ndi laisensi si chipongwe. Anyamata amene anavutikira chiphaso chawo amachitulutsa mokondwa.

Kwa amene tsiku lanu la mayeso layandikira, konzekerani motere. Dzulo lake muyendere njinga yonse: mabuleki, nyali, maindiketa, magalasi onse awiri, mpweya, mafuta okwanira. Ikhale njinga ya gulu limene mukuyesedwa, ndipo ikhale imene munaizolowera, chifukwa kilatchi ya njinga iliyonse imagwirira pake. Ikani pamodzi chitupa cha unzika, khadi la Road Traffic, chiphaso chophunzirira chimene sichinathe masiku, malisiti, ndi zikalata za njinga. Valani nsapato zotseka, osati mapatapata, buluku lalitali, jekete, ndi magolovesi ngati muli nawo. Fikani molawirira kuti mtima ukhazikike. Woyesa akalankhula ndipo simunamve bwino, nenani kuti bwana, bwerezaninso, musanyamuke mongoganizira. Injini ikazima pakati pa mayeso, musanjenjemere: gwirani buleki, lizaninso, cheukani paphewa, pitirizani. Mukalephera, funsani woyesa pamene munalakwitsa, mukakonze pomwepo, mukalembetsenso chiphaso chophunzirira chisanathe masiku.

Sabata yamawa nthawi ngati yomweyi tidzakamba za kulembetsa njinga ndi inshuwalansi: kuti inshuwalansi ya third party imalipira ndani, ndi zimene muyenera kuchita pamalo a ngozi apolisi asanafike. Mafunso anu atumizeni kuno ku wailesi, tidzawayankha pa pulogalamu imeneyo.

[NYIMBO YOTSEKERA]